Woyamikira Filimu Ndi Nkhoswe

Masiku ano mdzukulu akafuna choonera madzulo safunsanso kutali. Amangolemba pafoni kuti, "Anzanga, ndionere filimu yanji?" ndipo mayankho amagwa ngati matalala. Wina amati, "Iyi ndi moto." Wina amati, "Iyi ndi yabhoo." Wachitatu salemba n'komwe mawu, amangotumiza tinyenyezi tisanu ndi kachithunzi ka lawi. Mwa onsewa palibe wonena kuti filimuyo ikukamba za chiyani, yakoma pati, yapunduka pati, kapena ngati ili yoti munthu n'kuionera pamaso pa apongozi ake. Kawirikawiri woyamikirayo sadaimalize n'komwe. Adangoona kachidutswa kotsatsira malonda, kapena adamva kwa mnzake amene nayenso adamva kwa wina. Akuluakulu adanena kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Mchitidwe umenewu uyenera kudzudzulidwa mosapsatira mawu, chifukwa munthu wouza mnzake kuti "kaonereni" waima pamalo a nkhoswe. Pa ukwati nkhoswe siibwera kudzangolandira tambala ndi kudya nsima. Isanavomere udindo imafufuza khalidwe la mnyamata ndi mbiri ya kwawo, imanena poyera zimene yapeza, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo banja likagwedezeka pakati pa usiku ndiyo imadzutsidwa kuti ikayankhe. Nkhoswe imene idabisa kuti mkamwini ndi chidakwa imayenda chowerama m'mudzi zinthu zikavuta. Woyamikira filimu nayenso akulowetsa mlendo m'nyumba ya eni. Filimu imadya maola awiri a moyo wa munthu, imadya bandulo yogulidwa ndi thukuta, ndipo imakhala pansi pakati pa ana n'kumawaphunzitsa zimene ikufuna. Chimene chalowa m'maso mwa mwana sichitulutsika. Madzi akatayika saoleka. Nanga n'chifukwa chiyani nkhoswe ya filimu yokha iloledwe kuponya mawu awiri n'kuthawa?

Kale ntchito imene filimu ikugwira lero inkagwiridwa ndi nthano. Dzinthu zikalowa m'nkhokwe, madzulo ana ankazungulira moto, agogo n'kuyamba kuti "Padangotero," ana n'kuvomera kuti "Tili tonse." Kuvomera kumeneko kudali pangano lakuti womvera sakugona, akutsata, ndipo adzafunsidwa. Nthano ikatha mpamene sukulu inkayamba. Kodi Kalulu adachita mwanzeru kapena adaba? Kodi Fisi adagwa ndi tsoka kapena ndi dyera lake? Mwana woyankha kuti "idali yokoma" basi ankasekedwa ndi anzake omwe, poti kukoma n'kwa nzimbe, nthano imafuna mutu. Kenaka zinthu zidasintha. Timanyumba toonetsa vidiyo tidadzaza m'misika, Television Malawi idatsegulidwa mu 1999, mafilimu a ku Nigeria adalowa m'makomo ambiri a magetsi, padabweranso anyamata omasulira m'Chichewa mafilimu a ku China ndi ku India, ndipo lero zonsezi zakwana m'foni ya m'thumba. Nthano zachuluka kuposa kale lonse. Chimene chafota ndi bwalo lija lokambirana nthano ikatha.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, pali filimu imodzi imene Amalawi ambiri adaikamba, ndipo makambidwe ake adaonetsa poyera nthenda zimenezi. The Boy Who Harnessed the Wind idaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America mu Januwale 2019, ndipo pa 1 Malichi chaka chomwecho idaikidwa pa Netflix. Idachokera m'buku la mu 2009 limene William Kamkwamba adalemba pamodzi ndi mtolankhani Bryan Mealer. Kamkwamba, wobadwa mu 1987 nakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002. Adabwereka buku lotchedwa Using Energy m'laibulale yaing'ono ya kwawoko, natola zitsulo zotayidwa, njinga ya bambo ake ndi dayinamo, n'kumanga makina opukusidwa ndi mphepo opanga magetsi ali ndi zaka 14. Adaitsogolera filimuyi ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, amenenso adasewera ngati Trywell, bambo wa mnyamatayo. Idajambulidwa ku Malawi, ndipo mbali yaikulu ya zoyankhula zake ili m'Chichewa.

Itangotuluka anthu adagawikana pawiri. Gulu loyamba lidaimba nthungululu: Malawi wafika pa Netflix, aliyense aonere, wosaikonda ndi wansanje. Gulu lachiwiri lidaitaya kudzala patangotha mphindi khumi: Chichewa chake n'chopotoka, azimitse. Magulu onse awiri adalephera unkhoswe, koma poti kulephera kwawo n'kosiyana, lililonse liyankhidwe palokha.

Odandaula za chiyankhulo ali ndi mfundo, ndipo asanyozedwe. Mnyamata wosewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Wosewera ngati mayi ake, Aïssa Maïga, adabadwira ku Senegal nakulira ku France. Wosewera ngati Mfumu Wimbe, Joseph Marcell, adabadwira ku Saint Lucia. Pa anthu akuluakulu a m'banja la Kamkwamba mu filimuyi, Mmalawi ndi Lily Banda, wosewera ngati Annie, mlongo wake wa William. Chichewatu si chiyankhulo choloweza m'miyezi yochepa. Chili ndi kukweza ndi kutsitsa liwu kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, khungu la thupi ndi khungu la maso. Chilinso ndi kampweya kamene kamasiyanitsa kola ndi khola, pala ndi phala. Khutu la mwini chiyankhulo likamva zimenezi zikuphonyeka limanyansidwa monga amachitira mano akaluma mchenga mu nsima. Funso lakuti bwanji Amalawi odziwa zisudzo sadapatsidwe mbali zikuluzikulu ndi loyenera, ndipo nkhoswe yoona iyenera kulitchula.

Komatu kutchula chilema n'kosiyana ndi kuthetsa ukwati. Mwini filimu akadatha kuchita zimene ambiri adachita kale pa nkhani za mu Africa, kuyankhulitsa aliyense Chingerezi, mlimi ndi mfumu yomwe. Iye adasankha njira yovuta, ndipo chifukwa cha kusankha kumeneko mawu akuti njala, mphepo ndi kukolola adamveka m'maiko amene sadamvepo dzina la Kasungu. Munthu amene adazimitsa patangotha mphindi khumi sadaone banja likugwirizana zodya kamodzi patsiku. Sadaone anthu akupondana polimbirana chimanga cha boma, ngakhalenso galu wa mnyamatayo, Khamba, akufa ndi njala. Wotere alibe mphamvu youza ena kuti "musataye nthawi," pakuti akugamula mlandu atamva mboni imodzi yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Oimba nthungululu mlandu wawo ndi wokulirapo, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo iwo nyererezo sadazitchule. Mu filimu makina a mphepo akupopa madzi m'chitsime, mbewu zikumera m'chilimwe, mudzi n'kupulumuka ku njala. Sizidayende choncho. Makina oyamba a Kamkwamba adayatsa mababu ndi kuimbitsa wailesi pakhomo pa makolo ake. Njala ya chaka chimenecho idayamba kuchepa monga njala zonse za kumudzi zimachepera, maungu ndi dowe zitacha m'minda. Zopopa madzi zidadza patapita zaka, dzina lake litamveka pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007, ndipo anthu akufuna kwabwino atathandiza. Wopanga filimu ali ndi ufulu wofupikitsa nthawi kuti nkhani ikome, monganso wokamba nthano amathira mchere. Koma woyamikira filimuyo kwa mdzukulu wa ku Birmingham kapena ku Johannesburg, amene sadapondepo ku Wimbe, ali ndi udindo wonena kuti apa ndi mbiri, apa ndi mchere. Akapanda kutero mwanayo amakula akukhulupirira kuti njala idathetsedwa ndi mnyamata mmodzi ndi njinga ya bambo ake.

Chikhulupiriro chotere n'choopsa, chifukwa chimamasula akuluakulu pa mlandu wawo. Njala ya 2002 siidagwe yokha kuchokera kumwamba. Mvula idaononga mbewu mu 2001, inde, koma chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, mtengo wake pamsika udakwera kangapo, ndipo boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Maphunziro a pulayimale adali aulere kuyambira 1994, koma a sekondale adali olipira, ndicho chifukwa chake mnyamata wanzeru chotere adapezeka kunja kwa kalasi. Filimuyi siidathawe nkhani zolemera ngati zimenezi. Ikuonetsa alimi akugulitsa mitengo yawo kwa a esiteti ya fodya pofuna ndalama ya lero, madzi n'kudzasefukira m'minda. Ikuonetsa mfumu ikuimirira pamsonkhano wa mtsogoleri wa dziko kunena za njala, n'kukamenyedwa kuseri. Apa ndiye pali mnofu wa filimuyi. Koma mwa otumiza tinyenyezi tisanu aja, ndi angati adafunsa ana awo kuti mfumu ija idalakwanji?

Ena a gulu lomweli amabisala kumbuyo kwa mphotho. Amati filimuyi idapambana ku Sundance, ndiye wakumudzi angatsutse chiyani? Mphotho imene idalandira kumeneko ndi ya Alfred P. Sloan, yoperekedwa kwa mafilimu okamba za sayansi ndi luso la zopangapanga. Oweruza ake sadayese Chichewa, sadayesenso mbiri ya njala ya ku Kasungu. Ndipo dziko limene lidaitumiza ku mpikisano wa Oscar lidali Britain. Mphotho imangonena chimene chidakondweretsa anthu amene adakhala pampando woweruza tsiku limenelo. Singayankhe m'malo mwa munthu amene nkhaniyo ikukamba za kwawo.

Palinso nkhani ya Gule Wamkulu, amene akuonekera poyambirira pa filimuyi ndiponso pamaliro. Bungwe la UNESCO lidalengeza gule ameneyu mu 2005 kukhala chimodzi mwa chuma chapamwamba cha chikhalidwe cha anthu onse. Mlendo amangoona zigoba ndi nthenga n'kuti zakongola. Mwana wa Achewa ayenera kupitirira pamenepo, afunse ngati zilombozo zabwera kudzaperekeza mzimu wa malemu monga mwa ntchito yake, kapena zangoikidwa ngati maluwa a patebulo kuti diso la mlendo lisangalale. Anthu awiri anzeru angathe kusiyana pa yankho lake, ndipo kusiyana kumeneko ndiko phindu loonera pamodzi.

Tsono nkhoswe yoona ikadanena motere: "Filimuyi muionere pamodzi ndi ana a sukulu. Chichewa cha ochita sewero ambiri chikupwetekani khutu, koma mupirire. Mapeto ake adakometsedwa kuposa mmene zidachitikira. Njala yokha adaijambula moona, ndipo mkangano wa bambo ndi mwana pa njinga uja ukukumbutsani kwanu. Mukatha mufunse agogo kuti chaka chimenecho ankadya chiyani." Mawu amenewa satha mphindi imodzi, koma wowalandira akudziwa chimene akulowetsa m'nyumba.

Nthenda ina ndi manyazi obisala m'chovala cha mwambo. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka nakulira ku Wales, adatulutsa I Am Not a Witch mu 2017. Ndi nkhani ya kamtsikana kotchedwa Shula kamene kanamiziridwa ufiti n'kukaikidwa kumsasa wa amayi okalamba omangidwa kumsana ndi nsalu zazitali zoyera kuti asauluke, pamene mkulu wina wa boma, Bambo Banda, akupangirapo ndalama. Zina mwa zoyankhula zake zili m'Chinyanja, ndipo idapata mphotho ya BAFTA mu 2018. Mu 2024 mayi yemweyu adatulutsa On Becoming a Guinea Fowl, imene idamupezetsa mphotho ya kutsogolera bwino filimu m'chigawo cha Un Certain Regard ku Cannes. Imeneyi ikuyamba ndi mtsikana amene wapeza mtembo wa malume ake, Fred, pamsewu usiku. Maliro ali m'kati zikuululika kuti malemuyo ankagwiririra ana a m'banjamo, ndipo alongo ake adasankha kukhala chete. Mkwiyo wawo wonse akuutula pa mkazi wamasiye, amene naye akali wamng'ono kwambiri, kumuimba mlandu wosasamala mwamuna ndi kufuna kumulanda katundu.

Pali anthu amene akamva nkhani zotere amati, "Musaonere, akunyozetsa chikhalidwe pamaso pa azungu." Amenewa ndi alonda a mwambo onyenga. Kwa Abemba, amene chiyankhulo chawo ndicho chikumveka kwambiri mu filimu yachiwiriyi, monganso kwa Achewa, mtundu umatsata kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba, mlonda wa ana a mlongo wake. Malume wodya mbumba yake waphwanya mwambo pamutu penipeni, ndipo womuulula ndiye akuuteteza. Makolo adadziwa kuvuta kwa mlandu wotere pamene adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma sadanene mwambiwo poyamikira khoswe. Dzina la filimuyi likuchokera pa khalidwe la nkhanga, mbalame imene ikaona chilombo imalira mokweza kuti zinzake zithawe. Aliyense wokulira kumudzi adaimvapo. Ndipo nkhanizi sizili za tsidya la Mchinji lokha. Ku Malawi lamulo la mu 1911 lidaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidaika kulanda katundu wa amasiye m'gulu la milandu. Malamulo salembedwa popanda owachimwira. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Koma nkhoswe ya mafilimu a Nyoni nayonso isaname. Nsalu zoyera zija adazipeka yekha pofuna kuseka uchitsiru wa onamizira anzawo, ndipo asanapange filimuyo adakakhala kumsasa wa otchedwa mfiti ku Ghana. Woonera wakunja wosauzidwa angayese kuti umo ndi mmene midzi ya ku Zambia imakhalira. Filimu ya nkhanga nayo si ya ana, ndiponso munthu amene adakumanapo ndi nkhanza zotere ayenera kuchenjezedwa asanaiyatse. Oyenera kuionera ndi anamkungwi, ankhoswe, atsogoleri a mipingo, ndi aliyense amene amaitanidwa kuseri pamaliro, kumene kumagamulidwa za katundu ndi za ana. Mawu akuti "kaonereni" opanda kunena woyenera kuonera ali ngati sing'anga wopereka muyeso umodzi wa mankhwala kwa khanda ndi kwa nkhalamba.

Nthenda yotsiriza ndi ya chibale. Filimu ikangokhala yopangidwa ndi Mmalawi, ena amayesa kuti kuitchula chilema n'kugulitsa dziko, ndipo amathamangira mwambi wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwo umaletsa kukana mayi, suletsa kupita naye kuchipatala mwendo ukatupa. Ena ali mbali inayo: filimu ya kwawo saiyang'ana n'komwe kufikira atamva kuti alendo aipatsa mphotho. Onsewa akusiya opanga mafilimu a ku Malawi ali okha, poti woyamba sawauza zoona ndipo wachiwiri sawaonera.

Chonsecho ntchito yoti ikambidwe ilipo. Shemu Joyah, mu filimu yake yoyamba Seasons of a Life, adafunsa funso limene mabwalo a mafumu amalidziwa bwino: mwana ndi wa yani, womubala kapena womulera? Wantchito wa pakhomo apatsidwa mimba ndi bwana wake, mwanayo aleredwa m'banja la bwanayo, ndipo mayi womubala ataphunzira abwerera kudzamufuna kukhothi. The Last Fishing Boat ya mu 2012 ikuonetsa msodzi wa ku nyanja ya Malawi amene nsomba zikumuthera, pamene mwana wake wasiya ukonde n'kumaperekeza alendo odzaona nyanja. The Road to Sunrise ya mu 2017 ikutsata amayi awiri oyendayenda mumzinda wa Blantyre, ndipo ndiyo idali filimu yoyamba imene Malawi adatumiza ku mpikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula adapata mphotho ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Gift Sukez Sukali adatulutsa Fatsani mu 2020, nkhani ya mtsikana wogulitsa nthochi m'misewu sukulu yake itatsekedwa. Aliyense wa amisiri amenewa akufunika woonera womuuza kuti apa mawu sadamveke, apa nkhani idakokedwa motalika, apa misozi idatsika yokha. Mmisiri wosadzudzulidwa amasema mipini yokhota mpaka imfa. Ndipo woyamikira filimu ya Mmalawi n'kumaliza ndi mawu akuti "bwera ndi fulashi ndikukopere" wayamikira ndi pakamwa n'kuba ndi dzanja. Lamulo la mu 2016 loteteza ntchito za aluso lidalembedwa chifukwa cha anthu ngati iyeyo. Pagule fumbi ndiwe mwini. Amalawi akapanda kulipira mafilimu awo ndi kuwakamba moona, palibe mlendo adzawachitire.

Otsutsa adzati zonsezi n'kulemetsa chinthu chopepuka. Adzati filimu ndi yopumulira, munthu wabwera wotopa kuntchito safuna mayeso a sukulu, ndiponso kukoma kuli ndi mwini, wina amakonda therere wina amadana nalo. Zoona, si filimu iliyonse iyenera kukhala ulaliki. Ya nkhonya ndi ya nthabwala zili ndi malo ake, monganso nthano zina za Kalulu zidali zongoseketsa. Koma ngakhale woitanira mnzake therere amanena kuti ndi therere, kuti wodana nalo adziwiretu. Kunena kuti "iyi ndi yongoseketsa, koma muli mawu otukwana, ana agone kaye" ndi unkhoswe wokwanira. Chimene chikukanidwa pano ndi ulesi wa munthu amene chilichonse chimene waona dzulo ndicho chopambana zonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Munthu wotere mawu ake amatha mphamvu, ndipo tsiku limene adzapeze filimu yofunikadi palibe adzamumvere.

Enanso adzati makina a pa intaneti amasankhira kale munthu zoonera, tsono nkhoswe n'njachiyani? Makinawo amadziwa zimene munthu adaonera dzulo, ndipo amamupatsa zofanana nazo kuti asachoke. Sadziwa kuti m'nyumbamo mudagwa maliro sabata yatha, kapena kuti mwana wa zaka 9 wabisala kuseri kwa mpando. Iwo ndi a wogulitsa, ndipo wogulitsa sangakhale nkhoswe ya malonda ake omwe.

Motero mdzukulu wofuna kuyamikira filimu adziyese pa zinthu zinayi asanatumize uthenga. Choyamba, akhale kuti waionera mpaka pamapeto. Chachiwiri, athe kufotokoza nkhani yake m'ziganizo ziwiri popanda kuulula mathero, pakuti woulula mathero ali ngati mlendo wodyeratu ndiwo za mwini nyumba. Chachitatu, atchule mphamvu yake ndi chilema chake, ndipo ngati filimuyo ikudzitcha nkhani yoona, anene pamene yapatuka pa mbiri. Chachinayi, anene woyenera kuionera ndi wosayenera. Akalephera chimodzi mwa zimenezi angonena poyera kuti adangomva, kuti mnzakeyo adziwe kulemera kwa mawuwo.

Wolandira uthenga naye ali ndi mbali yake, poti safunsa adadya phula. Akauzidwa kuti "ndi moto" afunse kuti motowo wawotcha chiyani. Akaonera abwerere kwa nkhoswe yake kukanena mmene ulendo wayendera, pogwirizana avomereze, posiyana atsutse mwaulemu ndi zifukwa zake. Umu ndi mmene anthu awiri amanolerana nzeru, ndipo umu ndi mmene mabwenzi amadziwira amene mawu ake ndi odalirika.

Pakhomo pamene filimu ya Kamkwamba idzaonetsedwenso, pasakhale changu chofunafuna ina yotsatira. Ana obadwa njala ija itapita lero ndi akuluakulu, ena ali ndi ana awo. Amene adadya gaga ndi mizu ya nthochi mu 2002 akali moyo m'makomo ambiri, ndipo kawirikawiri amangokhala chete pakona ana akuonera nkhani yawo yomwe. Maina a ochita sewero akayamba kukwera, kanema azimitsidwe, ndipo wamng'ono pa onse atembenukire kwa agogo n'kufunsa ngati zidalidi choncho.